Foni yatsopano koma bandulo siichedwa kutha: vuto ndi browser kapena foniyo?

Nachisale_A25

Akuluakulu odziwa za mafoni, ndithandizeni nzeru. Foni ndi ya Android, yatsopano, yogulidwa mu shopu ku Old Town. Pabokosi analemba RAM 8GB, mosungira zinthu 128GB, batire 5000mAh. Kamera ndi sikirini ndilibe nazo chifukwa, koma pali zinthu zitatu zikundisowetsa mtendere.

Bandulo ya 1GB siikufika madzulo, chonsecho ntchito ndi yomwe ija ya pa foni yakale. Chachiwiri, ndikamalemba fomu yofunsira ntchito mu browser n'kutuluka pang'ono kukatenga nambala pa WhatsApp, pobwerera tsamba limayambiranso kutseguka ndipo zonse ndinalemba zimafufutika. Chachitatu, pamwamba pa sikirini pakumabwera timauthenga ta kubetcha, ta mpira, ndi tina tonena kuti foni yagwidwa ndi ma virus.

Mufonimu muli Chrome ndi browser ina yomwe inabwera ili momwemo. Ena akuti ndiike Opera Mini, ena akuti imeneyo ndi ya makedzana. Ine zanga ndi mafomu, nkhani, za ku banki ndi WhatsApp. Vuto ndi browser, kapena ndinagula foni yolakwika?

Wokonza_Mafoni_Malangalanga

Achemwali, musanaike browser ina iliyonse, onani kaye zinthu ziwiri m'foni momwemo.

Yambani ndi RAM ija, malo omwe foni imaikamo ma app omwe akugwira ntchito pa nthawiyo. Lowani mu Settings, mupite pa About phone kapena My phone, muwerenge pomwe alemba RAM. Mukapeza 4GB+4GB, dziwani kuti RAM yeniyeni ndi 4GB basi. Inayo ndi yobwereka: foni imadula gawo la malo osungira zithunzi n'kumaligwiritsa ntchito ngati RAM. A Tecno ndi Infinix amaitchula Memory Fusion kapena MemFusion, a Samsung amati RAM Plus, pa Redmi ndi Memory extension. Pabokosi amaphatikiza manambala awiriwo n'kulemba 8 wamkulu, ka 4+4 kali m'munsi m'timalemba tofuna magalasi. Fodya wako ndi amene ali pamphuno, inu werengerani 4GB yokha.

Yobwerekayo siithandiza kwenikweni chifukwa cha liwiro. Mafoni ambiri otsika mtengo amasungira zinthu pa chip ya mtundu wa eMMC 5.1, yomwe ikathamanga kwambiri imawerenga pafupifupi 300MB pa sekondi, pomwe RAM yeniyeni imayendetsa ma GB ambirimbiri pa sekondi. Ndipo pa 4GB yanuyo, pafupifupi theka amakhala atalitenga kale Android ndi ma app a kampani yopanga foni. Mukatsegula WhatsApp, kapenanso kamera kuti mujambule satifiketi, RAM imadzaza. Android ikaona choncho imatseka app yomwe ili kumbuyo, ndipo nthawi imeneyo yomwe ili kumbuyo ndi browser yanu. Pobwerera browser imakumbukira adiresi ya tsamba koma zomwe munalemba pa fomu zapita. Foni sinawonongeke, ndi mmene Android imapezera malo.

Ndiye musanayambe fomu, tsekani ma tab onse akale ndi ma app onse ali kumbuyo, makamaka Facebook ndi TikTok. Masatifiketi ndi chitupa jambuliranitu, zikhale m'foni. Mayankho ataliatali lembani kaye mu app ya manotsi, pa fomu muzingopesita. Ngati n'kofunikadi kuyang'ana WhatsApp muli pakati pa fomu, gwiritsani ntchito Split screen: dinani batani loonetsa ma app otseguka, mugwire kachizindikiro ka browser, musankhe Split screen, WhatsApp ikhale m'munsi. App yomwe ikuoneka pa sikirini Android siithamangira kuitseka. Pa mafoni ambiri palinso kaloko pamalo omwewo, mukakhoma browser siichotsedwa mukadina Clear all.

Ma app otchedwa cleaner, booster kapena battery saver musaike, ndipo ngati alimo kale achotseni kapena muwapange Disable. Ntchito yawo ndi kupha ma app akumbuyo, lomwe ndi vuto mukudandaulali, kuwonjezera apo amabwera ndi zotsatsa malonda zawozawo. Memory Fusion ine ndimalangiza kuizimitsa.

Tsopano bandulo. Foni yatsopano imakhala ndi njala sabata yoyamba. Imatsitsa update ya Android, yomwe imatha kupitirira 1GB yokha. Play Store imakonzanso ma app onse anabwera m'foni. WhatsApp imabweza zithunzi ndi mavidiyo akale kuchokera ku Google Drive. Google Photos imakweza zithunzi zanu pa intaneti, ndipo chithunzi chimodzi cha kamera za masiku ano chimakhala 3MB mpaka 5MB. Osangoganizira, foni imalemba zonse. Settings, Network & internet kapena SIM & network, Data usage, kenako App data usage. Mupeza ma app atandandalikidwa kuyambira wakudya kwambiri. Mukadina app iliyonse muona manambala awiri, Foreground ndi Background. Yoyambayo ndi data yomwe munagwiritsa ntchito mukuona, yachiwiriyo ndi yomwe inapita foni ili m'thumba.

Zotseka ndi izi. Mu Play Store dinani chithunzi chanu pakona, Settings, Network preferences, Auto-update apps, musankhe Wi-Fi yokha. Mu Google Photos, Backup, Mobile data usage, muike No data. Mu WhatsApp, Storage and data, pa When using mobile data muchotse zochonga zonse zinayi, apo ayi mavidiyo a m'magulu a mpingo ndi a kumudzi azingolowa okha. Pomaliza yatsani Data Saver ya Android. Mukatero mudzatiuze app yomwe ili pamwamba pa mndandanda, ine ndikukayika ngati ili browser.

Kompyuta_Kanengo

Achimwene a ku Malangalanga anena zoona pa RAM, kupatula pa kuzimitsa Memory Fusion. Pa foni ya 4GB siipangitsa foni kuthamanga, komanso siivulaza kanthu, ndipo nthawi zina imasungako app imodzi kapena awiri kuti asaphedwe. Kwa munthu amene vuto lake ndi fomu yofufutika, ndi bwino ikhale yoyaka. Chofunika n'chakuti 128GB ija isadzaze mpaka pakamwa, muzisiyako ngakhale 15GB.

Za ma browser, mayina ndi ambiri koma injini ndi zochepa. Chrome, Brave, Edge, Opera ndi Samsung Internet onse anamangidwa pa Chromium, ndiye tsamba amalitsegula mofanana ndipo RAM amadya mosasiyana kwambiri. Firefox ili ndi injini yakeyake yotchedwa Gecko. Kusintha kuchoka pa Chrome kupita pa browser ina ya Chromium sikungachiritse fomu yanu. Kusiyana kuli pa zomwe browser imalola kuti zilowe.

Tsamba wamba la masiku ano limalemera kupitirira 2MB, koma mawu omwe mukufuna kuwerengawo ndi kagawo kakang'ono zedi. Zambiri ndi zithunzi, ma script (timapulogalamu toyendetsa tsamba), zotsatsa malonda ndi timavidiyo tomwe timayamba tokha. Kale Chrome inali ndi Lite mode yochepetsa zimenezi, koma Google inaichotsa mu March 2022 potulutsa Chrome 100. Amene amakuuzani kuti yatsani Lite mode akunena za Chrome yomwe kulibenso. Chrome ya pa foni siilolanso kuika zowonjezera zotsekera zotsatsa ngati ya pa kompyuta.

Maganizo anga: khalani ndi ma browser awiri, iliyonse ndi ntchito yake. Chrome ikhale ya mafomu ndi chilichonse chofuna pasiwedi, chifukwa opanga masamba ambiri amayesera pa Chrome. Yowerengera nkhani ikhale yotseka zotsatsa. Brave imatseka yokha mukangoiika, inu ingokanani za Rewards ndi wallet zomwe imakufunsani poyamba. Firefox imafuna muike uBlock Origin: dinani timadontho titatu, Extensions, mupeze uBlock Origin, Add. Mu Settings ya Firefox momwemo, pa Site permissions kapena Site settings, Autoplay muike Block audio and video. Tsamba la nkhani lomwe linali ndi zotsatsa khumi limatseguka msanga, RAM imapuma, batire nalonso limakhalitsa. Tsamba lina likakana kugwira ntchito, mwachitsanzo batani la Submit osadinika, zimitsani chotsekeracho pa tsamba lokhalo.

Chrome nayo ikonzeni. Settings, Privacy and security, Preload pages, musankhe No preloading, kuti isamatsitsiretu masamba omwe ikuganiza kuti mutsegula. Pa tsamba loyamba pali nkhani za Discover, zizimitseni. Fomu ikaoneka yopanikizika kapena mabokosi ena osaoneka, dinani timadontho titatu muchonge Desktop site, chifukwa mafomu ambiri a ntchito ndi a sukulu anapangidwira kompyuta.

Timauthenga ta ma virus tija si virus ayi. Tsiku lina tsamba linafunsa ngati lingamakutumizireni mauthenga, chala chinadina Allow. Masamba otsitsira nyimbo ndi oonera mpira mwaulere amachita kunamiza kuti dinani Allow kuti vidiyo iyambe. Uthenga ukabweranso musautsegule, ugwireni ndi chala kwa kanthawi, foni ikuuzani app yomwe yautumiza. Ikakhala Chrome, pitani Settings, Site settings, Notifications, muchotse masamba onse achilendo pa mndandanda wa ololedwa, n'kuzimitsa zoti masamba azifunsa. Pomwepo onaninso kuti Pop-ups and redirects ndi yotseka. Ikakhala browser inabwera m'foni ija, monga Phoenix yomwe imapezeka m'mafoni ambiri a Tecno, Infinix ndi itel, mauthenga a mpira ndi nkhani amachokera kwa iyo mwini. Settings ya foni, Apps, musankhe browser imeneyo, Notifications muzimitse, Background data muzimitse. Kenako pa Default apps muike browser yomwe mwasankha, kuti linki iliyonse izitsegukira kumeneko.

Chinanso pa bandulo chomwe achimwene sanatchule. 4G payokha siidya data yambiri kuposa 3G, tsamba la 2MB ndi 2MB basi. Koma YouTube, Facebook ndi TikTok amayeza liwiro la netiweki ndi kukula kwa sikirini n'kusankha okha vidiyo yooneka bwino. Foni yakale mwina inkalandira 360p, yomwe ndi pafupifupi 300MB pa ola. Yatsopanoyi ikulandira 720p, yomwe imafika 1GB pa ola kapena kupitirira. Inu mukuona ngati ntchito ndi yomwe ija, koma katundu akubwera ndi wolemera katatu. Mu YouTube, Settings, Video quality preferences, pa mobile networks muike Data saver. Mu Facebook, Settings, Media, muzimitse Autoplay ndi kuyatsa Data saver.

Mbewe_wa_ku_Lumbadzi

Anyamata a m'tauni mumaiwala kuti si paliponse pomwe foni imalemba 4G. Mukangotuluka pang'ono kupita cha ku Mpingu, Nsundwe kapena m'midzi ya kuseri kwa Lumbadzi, pamwamba pamatha kulemba H kapena E, kutanthauza netiweki yochedwerapo ya 3G kapena 2G. Ngakhale mu Lilongwe momwemu, madzulo anthu akaweruka netiweki imapanikizika, ndipo magetsi akazima nthawi yaitali zimaipiraipira. Pamenepo Opera Mini si ya makedzana, imatsegula tsamba pomwe Chrome ikungozungulira.

Kagwiridwe kake ndi kosiyana ndi ma browser atchulidwawa. Mukaika Data savings pa Extreme, foni yanu siilankhula ndi tsamba mwachindunji. Pempho limapita ku maseva (makompyuta akuluakulu) a Opera, iwo amatsegula tsambalo, amafinya zithunzi, amataya zambiri zosafunika, n'kukutumizirani zopepuka. Eni ake amati imapulumutsa data mpaka 90 pa 100 iliyonse. Nambala imeneyo imayandikira pa masamba a mawu ndi zithunzi, pa mavidiyo musaiyembekezere. Pali High, yomwe imafinya pang'ono koma tsamba limagwira ntchito ngati mwa masiku onse, ndi Automatic yomwe imasankha yokha. Zithunzi mutha kuziika pa Low kapena kuzizimitsiratu.

Pomwe imakanika ndi podziwika. Pa Extreme ma script amayendetsedwa ku seva kwa kanthawi kochepa, ndiye chilichonse chofuna kuyankhana ndi tsamba chimavuta: kalendala yosankhira tsiku lobadwa, mndandanda wa maboma womwe umasintha mukasankha chigawo, kukweza fayilo, ndi timafunso totsimikizira kuti ndinu munthu. Masamba ena amaona ngati muli kunja kwa dziko chifukwa amaona adiresi ya seva ya Opera. Choncho mayi, mafomu anu asayandikire Extreme. Koma powerenga nyuzi, zotsatira za mayeso kapena zolengeza za ntchito, palibe yoposa. Mukapeza chilengezo cha ntchito chisungeni ndi Save for offline, mudzachiwerenge bandulo itatha. Chrome nayo ili ndi kamuvi koloza pansi kotsitsira tsamba lonse.

Nayonso Opera Mini imabwera ndi nkhani ndi mauthenga ake ambirimbiri, muwazimitse tsiku loyamba lomwelo.

NaPhiri_Area47

Bambo Mbewe afotokoza bwino, ndingowonjezera chomwe chikukhudza ndalama. Kuti seva ya Opera ifinye tsamba pa Extreme, imayenera kuliona lonse. Ndiye chitetezo cha https, chomwe chimabisa zomwe mukutumizirana ndi tsamba, chimathera pa seva yawo n'kuyambiranso kuchoka pamenepo kubwera kwa inu. Sindikunena kuti amaba, koma pasiwedi ya ku banki siyenera kudutsa m'manja mwa wachitatu. Za banki gwiritsani ntchito app ya banki yanu yochokera mu Play Store, kapena njira ya kuimba manambala ija, monga *211# ya Airtel Money ndi *444# ya Mpamba, yomwe siifuna n'komwe bandulo.

Ambiri tinaphunzitsidwa kuyang'ana kaloko pafupi ndi adiresi. Chrome inachotsa kaloko kameneko mu 2023, pa Chrome 117, n'kuikapo kachizindikiro ka timizere tiwiri, chifukwa anthu ankaganiza kuti kaloko kakutanthauza kuti tsamba ndi lachilungamo. Kankangotanthauza kuti njira ndi yotchingidwa, ndipo akuba nawonso amatchinga njira zawo. Chofunika kuwerenga ndi adiresi, makamaka mawu ali kumapeto, pafupi ndi .mw kapena .com, musanafike pa kamzere kopendekeka koyamba. Dzina la banki likakhala kumayambiriro koma kumapeto kuli dzina lachilendo, tsambalo ndi la mwini dzina lachilendolo. Malinki a m'magulu a WhatsApp olonjeza bandulo yaulere, ngongole yachangu kapena ntchito ku bungwe lalikulu amapangidwa motero.

Ngati munadinapo kale uthenga wa virus uja n'kutsitsa fayilo yothera ndi .apk, yomwe ndi yoikira app m'foni, ifufuzeni. Settings, Apps, muone app iliyonse yomwe simukuidziwa, makamaka yopanda dzina kapena chithunzi. Onaninso omwe ali ndi chilolezo chowerenga SMS, ndi omwe ali pa Accessibility ndi pa Device admin apps. App yowerenga SMS imatha kuona manambala otsimikizira omwe banki imakutumizirani. Pa Install unknown apps browser iliyonse ikhale yosaloledwa. Ma WhatsApp osinthidwa aja, a GB ndi anzake, amalowera khomo lomweli, ndipo nambala yanu itha kutsekedwa nawo.

Nachisale_A25

Zikomo kwambiri nonse. RAM ndi 4+4 ndithu. Pa mndandanda wa data pamwamba pali Play Store, kenako Facebook ndi Google Photos, browser ili kumunsi kwenikweni. Mauthenga a virus amachokera ku tsamba lina la nyimbo mu Chrome, ndalichotsa.

Mafunso awiri otsala. Ndikagula bandulo ya WhatsApp ndi Facebook yokha, bwanji mayunitsi amathabe? Ndipo foni yakale ndikufuna ndiwapatse amayi kumudzi, koma masamba ambiri ikulemba kuti Your connection is not private. Ingakonzeke?

Kompyuta_Kanengo

Bandulo ya WhatsApp kapena Facebook imawerengedwa potengera komwe data ikupita, osati app yomwe mwatsegula. Mukadina linki ya nyuzi muli mu Facebook, tsambalo limatsegukira m'kabrowser ka mkati mwa Facebook, inu n'kumaona ngati simunatuluke. Koma data ikuchokera ku seva ya nyuziyo, ndiye imadulidwa ku bandulo wamba, ikasowa imadulidwa ku mayunitsi pa mtengo wokwera. Linki ya YouTube yotumizidwa pa WhatsApp ndi chimodzimodzi. Ma app akumbuyo nawonso, data ikangoyaka amayamba kulankhula ndi maseva awo, sadziwa kuti bandulo yanu ndi ya WhatsApp yokha. VPN (app yobisa komwe data ikupita) kapena Opera Mini pa Extreme zimasokonezanso: kampani ya netiweki imaona data ikupita ku seva ina, osati ku Facebook, ndiye kawirikawiri siiwerengera ku bandulo ya Facebook.

Njira yosavuta ndi yosasiya mayunitsi ambiri pa SIM yomwe ili ndi data. Ndalama zikhale ku Mpamba kapena Airtel Money, bandulo muzigula kuchokera kumeneko. Ngati muli ndi ma SIM awiri, onani mu SIM settings ngati pali chosinthira data chokha kupita ku SIM inayo netiweki ikafooka, muchizimitse. Ikaninso malire pa Data warning & limit, foni izidula yokha ikafika pa nambala mwaika.

Za foni ya amayi, werengani timawu ta m'munsi mwa uthengawo, ndi tomwe timanena matenda. Pakalembedwa NET::ERR_CERT_DATE_INVALID, yambani ndi tsiku ndi nthawi ya foni. Mafoni akale, makamaka ochotsa batire, akazima nthawi yaitali amabwerera ku chaka chomwe anapangidwa, ndipo satifiketi ya tsamba lililonse, chiphaso chotsimikizira kuti tsambalo ndi la adiresi imeneyodi, imaoneka ngati nthawi yake sinakwane. Settings, System, Date & time, muyatse zoti izitenga nthawi ku netiweki, chigawo cha nthawi chikhale GMT+2. Zikatero masamba ambiri amatseguka pompo.

Pakalembedwa NET::ERR_CERT_AUTHORITY_INVALID, onani Android yake pa About phone. Masamba ochuluka kwambiri amatenga masatifiketi awo ku Let's Encrypt, ndipo Android yochepera 7.1.1 ilibe muzu wa satifiketi imeneyo, wotchedwa ISRG Root X1. Panali njira yongothandizira mafoni akalewo koma inatha mu 2024. Firefox imayenda ndi mndandanda wakewake wa masatifiketi, choncho ngati Play Store ikulola kuiika pa foniyo, masamba atseguka. Opera Mini pa Extreme nayo imadutsa vutoli chifukwa tsamba limatsegulidwira ku seva. Uthenga womwewu umabweranso bandulo ikatha kapena mukalowa Wi-Fi yofuna kulembetsa kaye, chifukwa netiweki ikukukokerani ku tsamba lake. Yesani kaye muli ndi bandulo yamoyo.

Dziwaninso kuti Chrome inasiya kukonzedwa pa mafoni akale. Pa Android 7 inathera pa Chrome 119, pa Android 8 ndi 9 inathera pa Chrome 138 mu 2025. Imagwirabe ntchito koma mabowo achitetezo omwe apezeka pambuyo pake satsekedwanso. WhatsApp inasiya kugwira pa Android yochepera 5.0 mu October 2023. Ndiye kwa amayi, kuimba, WhatsApp ndi wailesi zili bwino, koma musaikemo app ya banki kapena kusungamo mapasiwedi. Musanawapatse, chotsani akaunti yanu ya Google mu Settings kenako mupange Factory reset. Mukachita reset akaunti ili momwemo kudzera pa mabatani, foni idzafuna pasiwedi yanu poyatsa, amayi ali kumudzi inu muli ku Area 25.

Wokonza_Mafoni_Malangalanga

Pa Memory Fusion tisakangane achimwene, aisiye yoyaka aone sabata imodzi. Foni ikamachita kuganiza kaye potsegula app, aizimitse n'kuyatsanso foni.

Zotsatsa za m'ma app ena, osati mu browser mokha, zimatsekeka ndi Private DNS, yomwe ilipo kuyambira Android 9. Settings, Network & internet, Private DNS, musankhe polemba dzina, mulembe dns.adguard-dns.com, Save. Koma achemwali inu mumagula bandulo ya WhatsApp yokha, ndiye chenjerani. Foni imayenera kufika kaye ku seva ya DNS imeneyo, yomwe imailozera komwe kuli tsamba lililonse, ndipo ngati mulibe bandulo wamba itha kulephera n'kulemba kuti palibe intaneti, WhatsApp yomwe osayenda. Zikatero bwezerani pa Automatic. Ambiri amabwera nazo ku benchi akuganiza kuti foni yafa netiweki, ena mpaka kulipira kuti aifulashe, vuto lili pa mzere umodzi umenewu.

MiFi, kachipangizo kogawa data ya SIM ngati Wi-Fi, nayo imapusitsa foni. Foni imaona Wi-Fi n'kuganiza kuti ndi yopanda malire, zonse munaziika kuti zidikire Wi-Fi zimayamba kutsika nthawi imodzi, bandulo ya nyumba yonse n'kutha. Dinani dzina la Wi-Fi imeneyo, pa Network usage kapena Metered musankhe Treat as metered. Ma update akuluakulu mukapangire pa Wi-Fi yeniyeni kapena pa bandulo ya usiku, foni ili ndi moto wopitirira theka. Osawathawa mpaka kalekale, makamaka Chrome ndi Android System WebView, chifukwa ma app ambiri amatsegulira masamba awo pa WebView imeneyo, ikakalamba amayamba kudzitsekera okha.

Foni yanu si yolakwika, ndi ya 4GB yogulitsidwa ndi nambala ya 8. Kwa omwe sanagule, funsani zinthu izi musanapereke ndalama. RAM yeniyeni ndi ingati, ndipo 6GB ndi pomwe mafomu ndi ma tab ambiri amayamba kupuma. Mosungira ndi eMMC kapena UFS 2.2, chifukwa UFS imathamanga kuwirikiza katatu kapena kuposa. Pulosesa ndi iti: Unisoc SC9863A ndi yakale ndipo imavutika ndi masamba olemera, Unisoc T606 ndi Helio G85 ndi zapakati, Helio G99 ili bwino ndipo siitentha msanga. Kampani yalonjeza ma update zaka zingati, mwachitsanzo Samsung inalonjeza zaka 6 pa Galaxy A16. Foni yolembedwa Android Go ndi ya RAM yochepa, ya kuimba ndi WhatsApp, si ya mafomu. 5G isakutengeni mtima: TNM inaiyamba mu 2023 m'malo owerengeka a Lilongwe ndi Blantyre, ndipo pa ndalama zofanana foni ya 4G yokhala ndi RAM yambiri ikutumikirani bwino kuposa ya 5G ya RAM yochepa. Muli mu shopu momwemo imbani *#06#, nambala ya IMEI yotuluka ifanane ndi ya pabokosi ndi ya pa lisiti.

Kukubweraku kukutentha. Foni ikatentha pulosesa imadzichepetsa liwiro yokha, masamba n'kumachedwa ngati netiweki yavuta. Musamalembe fomu yaitali foni ili pa chaja, ili m'chikopa chokhuthala, hotspot ili yoyaka. Chotsani chikopacho, muiike pamthunzi mphindi khumi, muyambe fomu batire lili pamwamba pa 40.